Mpunga Umene Supsa

Sefa iyi ndinaigula kuti ndizisefera ufa,
chaka chimene Dilrukshi anamera mano.
Lero ndikusefera gombe la Negombo.

Mchenga umadutsa, n'kubwerera kwawo.
Chotsala pamwamba ndi timikanda toyera,
tating'ono ngati mazira a nsomba,
tosalala, topanda fungo, topanda mwini.
Akuti pulasitiki amakhala chonchi akali khanda,
asanakule kukhala ndowa kapena chipeso.
Sitima imene inatisenza inapsera panyanja,
ife tikuonerera utsi tili pakhonde
monga maliro a munthu wosamudziwa.
Kenako mafunde anayamba kututira pakhomo pathu
mpunga umene supsa ngakhale usonkhezere chaka.

Kapitawo wathu, bambo Premasiri,
amalemba matumba m'kope lonyowa ndi thukuta:
dzulo asanu ndi awiri,
lero anayi, dzuwa lisanafike paliwombo.
Nsapato zamphira zimaphika mapazi.
Msana umadandaula m'chinenero chakechake.
Rosalin, wosefa pambali panga, amapemphera korona,
ndipo akuti zala zake zasokonezeka,
sizidziwanso ngati zikupemphera kapena zikutola.

Usiku nyanja imabweza zonse.
M'mawa gombe layeranso mbee,
ngati dzulo sitinagwadepo.
Rosalin amati, tikutunga madzi ndi dengu, Malkanthi.
Ine sindimuyankha.
Ndimangoona thumba ladzulo lili apo, lomanga pakamwa,
ndipo zimene zili m'menemo
palibe kamba wam'madzi adzazimeze.

Bwato la Anton lagona chafufumimba pansi pa kokonati.
Kumsika anthu amayang'ana nsomba ndi diso lam'mbali,
n'kugula mazira.
Iye amasokabe ukonde wake m'mawa uliwonse,
poti manja a msodzi sadziwa kukhala.

Lamlungu Dilrukshi anabwera pa basi ya ku Colombo.
Ntchito yake n'kutumbula tinsomba
ndi kuwerenga zam'mimba pansi pa galasi lokuza zinthu.
Anationetsa chithunzi pafoni:
timikanda titatu, tija timatidziwa,
ndi kaulusi kobiriwira, kopindika ngati funso.
Ndinayamba kutukwana sitima, monga mwa masiku onse.
Anati, ayi amayi, aka sikam'sitima.
Sanaloze chala.
Anangoyang'ana ukonde uli pamiyendo ya bambo ake,
kenako chingwe chapabwalo
pamene diresi langa la nayiloni linkadontha madzi
olowera m'ngalande, ngalande yolowera kumene tonse tikudziwa.

Kunakhala zii.
Khwangwala anatera padenga, n'kuulukanso.
Ndinafuna kunena kuti kaulusi kamodzi
sikangafanane ndi phiri la matumba,
kuti eni sitima akugona pabwino kutsidya kwina,
ndipo zimenezo n'zoona,
ndidzazinena pamaso pa aliyense wovala tayi.
Koma tiyi anazirala m'kapu mawu asanatuluke.

Anton sanalankhule mpaka mwana anakwera basi.
M'mawa mwake ndinamuona ndi chitini cha mkaka
pakati pa mapazi.
Akadula nsonga ya ulusi amaiponya m'menemo.
Zaka makumi atatu wakhala akuisiyira mphepo.
Anzake anamuseka, amvekere wayamba kusunga ndevu za ukonde.
Pofika Lachisanu, Jude nayenso anali ndi chitini,
chake cha nsomba, chadzimbiri,
akuchibisa kuseri kwa mwendo.

Sindikunena kuti nyanja yachira.
Dzanja langa likalowa mumchenga mpaka m'chigongono
limatulukabe ndi timaso toyera tikundiyang'ana.
Tina tasweka kale, tapyola sefa,
tapita kumene sefa ilibe mawu.

Madzulo ano, povula,
ndapeza kamodzi mumpindiro wa siketi,
kanditsata mpaka kuchipinda ngati mlendo wosaitanidwa.
Ndakagwira pakati pa zala nthawi yaitali.
Kopepuka zedi, kosalakwa nkhope.
Ndakaponya m'chitini cha Anton,
kalira kamodzi, kuti ti.

Madzi aphwa mawa tambala asanatsike.
Sefa ndaitsamiritsa pakhomo, iume.
Ufa ndikupeta ndi manja masiku ano.